Mawu Nawo Amasamuka: Mbiri ya Matanthauzo Akale a Chingerezi

Wodziwa Chingerezi cha masiku ano akatsegula Baibulo la King James la mu 1611 pa Levitiko mutu 2, amayamba wadabwa. Mutu wonsewo ukufotokoza nsembe imene omasulira anaitcha ya “meat”, koma zofunika pa nsembeyo ndi ufa wosalala, mafuta, lubani ndi mchere. Nkhosa mulibe, ng'ombe mulibe, ngakhale dontho la magazi mulibe. Sikuti omasulirawo anaphonya ayi. M'nthawi yawo “meat” chinali chakudya chilichonse, kaya buledi, phala, zipatso kapena nyama imene. Tanthauzo lopapatiza limene ana amaphunzira kusukulu lero linalipo kale, koma linali lisanathamangitse lakalelo.

Mawu otere ndi ochuluka m'Chingerezi, ndipo si mawu obisika a akatswiri. Ndi omwewa timawamva pawailesi ndi kuwalemba m'makalata ofunsira ntchito. “Girl” anali mwana aliyense, wamwamuna ndi wamkazi yemwe. “Nice” anali mbuli. “Silly” anali wodala. “Computer” anali munthu wodya ndi kugona ngati ife tomwe. Kusamuka kwa matanthauzo amenewa sikunachitike mwachisawawa. Ukalondola liwu limodzi kubwerera nalo m'mbuyo, umapeza amene ankalamula ndi amene ankatumidwa, zimene anthu ankadya, ola limene ankapemphera, ndi amene anali osavuta kuwanyoza. Mbiri ya Angerezi inalembedwa m'mabuku a mafumu ndi nkhondo, koma inatsaliranso m'mawu a kukhitchini ndi a kumsika.

Panyumba pa wosunga buledi

Chingerezi sichinabadwire ku England. Chinawoloka nyanja m'zaka za m'ma 400, Aroma atachotsa asilikali awo pachilumba cha Britain. Chinabwera ndi mitundu ya Angles, Saxons ndi Jutes, yochokera kumadera amene lero ndi kumpoto kwa Germany ndi Denmark. Anali alimi, oweta ziweto ndi ankhondo, ndipo moyo wawo unkatsamira pa nyumba yaikulu ya mtsogoleri, momwe anthu ake ankasonkhana kudya.

Mtsogoleriyo ankatchedwa “hlafweard”. Chigawo choyamba cha dzinali ndi buledi, liwu limene lero likumveka kuti “loaf”, ndipo chachiwiri ndi mlonda. Mibadwo inaliperepesa pakamwa mpaka linasanduka “lord”. Mkazi wake anali “hlæfdige”, wokanda ufa wa buledi, ndipo ameneyo ndiye “lady” wa lero. M'malamulo a Æthelberht, mfumu ya ku Kent, amene analembedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 600 ndipo ndi akale kuposa malamulo ena onse a m'Chingerezi, munthu wodalira mwini nyumba akutchedwa “hlafæta”, wodya buledi. Ulamuliro wonse wa pakhomo unkalongosoledwa ndi chakudya: wina asunga, wina akanda, wina adya. Akuluakulu okhala mu House of Lords ku London akuyendabe ndi dzina limeneli, ndipo Akhristu olankhula Chingerezi amaitana nalo Mulungu.

Mawu ambiri a nthawi imeneyo anali otakata kuposa lero. “Hund”, kholo la “hound”, anali galu aliyense, pamene “dog” linali liwu losowa, lopezeka mwa apo ndi apo m'zolemba. Kenako awiriwo anasinthana malo: “dog” anatenga agalu onse, “hound” n'kutsala ndi galu wosakira. “Fugol”, amene lero ndi “fowl”, inali mbalame iliyonse, ndipo “brid” kanali kamwana ka mbalame. “Steorfan” kunali kufa imfa yamtundu uliwonse, monga mmene Ajeremani akunenera “sterben” mpaka pano. Imfa ya njala ndiyo inadzalanda liwulo, n'kukhala “starve”, ngakhale kuti kumpoto kwa England anthu anapitiriza kunena kuti munthu ali “starved” pamene wazizidwa koopsa. “Wif” anali mkazi aliyense, wapabanja ndi wosakwatiwa yemwe. Tanthauzo limenelo linabisala mu “midwife”, dzina la mzamba, pakuti “mid” ndiko kunena kuti pamodzi ndi: wokhala pamodzi ndi mayi pa nthawi yake.

Mu 793 ma Viking anawononga nyumba ya amonke pachilumba cha Lindisfarne, ndipo m'zaka 100 zotsatira anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England, m'dera lotchedwa Danelaw. Chinenero chawo chinali pachibale ndi Chingerezi, kotero mawu ankadutsa mosavuta pakati pa oyandikana minda ndi okwatirana. Iwowa ndiwo anabweretsa “husband”, kutanthauza mwini nyumba wolima malo ake. N'chifukwa chake phunziro la zaulimi lotchedwa “animal husbandry” silikhudzana ndi ukwati. Anabweretsa “fellow”, mnzako amene mwasonkha naye chuma pa malonda, ndi “window”, diso la mphepo, kabowo kolowera mpweya ndi kotulukira utsi. Anabweretsanso “sky”, koma kwa iwo unali mtambo. Liwu limenelo litakula n'kutenga thambo lonse, malo a mtambo analowedwa ndi “cloud”, amene poyamba anali chimwala kapena phiri. Anthu ankaona mitambo ya mvula itaunjikana, n'kuitcha dzina la zimene inkafanana nazo.

Olamula atasintha chinenero

Pa 14 Okutobala 1066, William wa ku Normandy anagonjetsa Mfumu Harold pafupi ndi Hastings. Malo a akuluakulu achingerezi anagawidwa kwa anthu ake, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa ndicho chinali chinenero cha kunyumba ya mfumu, cha kubwalo la milandu, ndi cha aliyense wofuna kuoneka wapamwamba. Chilatini chinali cha tchalitchi ndi maphunziro. Chingerezi chinatsala ndi anthu wamba. Mu 1362 m'pamene nyumba ya malamulo inalamula kuti milandu izikambidwa m'Chingerezi, koma lamulo lomwelo linalembedwa m'Chifalansa.

Mawu masauzande ambiri analowa, ndipo liwu lachilendo likafika, la eni dziko linkapanikizidwira pakona. “Deor” inali nyama iliyonse ya kuthengo, monga “dier” wa m'Chiafrikaans lero. “Beast” ndi “animal” atalowa n'kutenga nyama zonse, “deer” anatsala ndi gwape, nyama imene mafumu ankakonda kusaka. Tanthauzo lakale silinafe msanga, pakuti Shakespeare m'sewero la King Lear akuwerengera mbewa ndi makoswe m'gulu la “deer”. “Forest” nalo silinali liwu la mitengo koma la lamulo. Linali dera lililonse limene mfumu yalipatula kuti izisakamo, ngakhale likhale la udzu, minda ndi midzi. William anakhazikitsa New Forest kum'mwera kwa England mwa njira imeneyi, ndipo olemba mbiri a nthawiyo anadandaula kuti wopha gwape wa mfumu ankachititsidwa khungu.

Pamene pakuonekera bwino dzanja la olamula ndi pa maina a anthu osauka. “Villain” anali mlimi womangika pa munda wa bwana, wosaloledwa kusamuka popanda chilolezo. Analibe mlandu wina koma kubadwira pamunda wa eni. Poti olemba mabuku ndi oweruza milandu anali a mbali ya bwana, dzina la mlimiyo linayamba kutanthauza munthu wopanda khalidwe, kenako chigawenga, mpaka lero ndi dzina la woipa wa m'filimu. “Churl” anali mlimi mfulu, koma tsopano “churlish” ndi wamwano. “Boor”, m'bale wake wa “boer” wa Chidatchi amene anapereka dzina kwa Mabunu a ku South Africa, anali mlimi chabe, ndipo lero ndi munthu wosadziwa ulemu. “Naughty” anali munthu wopanda kanthu, wa “naught”. Kusowa kunasanduka kuipa, ndipo patapita zaka kuipako kunapepuka n'kukhala kusamvera kwa mwana.

Amene ankatumikira pafupi ndi mfumu, maina awo anakwera nawo limodzi. “Knave” ndi “knight” onse anayamba ngati mnyamata kapena wantchito. Wina anatsala kukhitchini n'kukhala kamberembere, wina anakwera hatchi kupita kunkhondo ndi mfumu n'kukhala munthu wolemekezeka woitanidwa kuti “Sir”. “Marshal” anali wosamala mahatchi, ndipo “constable” anali woyang'anira khola la mahatchiwo. Poti nkhondo ya nthawi imeneyo inkadalira hatchi, maina a kukhola anasanduka maudindo a asilikali ndi apolisi. “Minister” m'Chilatini ndi wamng'ono, wotumikira. Nduna ya boma ndi mbusa wa mpingo onse akuvala dzina la wantchito.

Maina a akazi anayenda njira yotsika kawirikawiri kuposa a amuna. “Hussy” chinali chidule cha “housewife”, mayi wosunga pakhomo, koma pofika zaka za m'ma 1600 chinali chitasanduka chitonzo cha mkazi wopanda manyazi. “Wench” anachokera ku liwu lotanthauza mwana, n'kukhala mtsikana wantchito, kenako mkazi wachiwerewere. “Master” ndi “mistress” anali ofanana ulemu, mwini nyumba wamwamuna ndi wamkazi. Woyambayo anasunga ulemu wake mpaka pa digiri ya kuyunivesite, wachiwiriyo anadzatanthauzanso chibwenzi cha mwamuna wapabanja. “Spinster” linali dzina la ntchito, wopota ulusi. Poti ntchitoyo inkagwiridwa kwambiri ndi akazi osakwatiwa, alembi a malamulo analitenga ngati dzina la mkazi aliyense wosakwatiwa, ndipo linakhala m'mabuku olembera maukwati ku England ndi Wales mpaka mu 2005. “Girl” anatulukira m'zolemba cha m'ma 1300 ngati mwana aliyense, ndipo pofuna kusiyanitsa ankatha kunena kuti “knave girl”, kutanthauza mwana wamwamuna. Pofika zaka za m'ma 1500 liwulo linali litatsamira kwa atsikana okha.

Belu la tchalitchi

Augustine anafika ku Kent mu 597, atatumidwa ndi Papa Gregory kudzalalikira Chikhristu, ndipo kwa zaka pafupifupi 1,000 tchalitchi ndicho chinkagawa tsiku la Mngerezi. Amonke ankawerenga maola kuyambira m'mawa, kotero pemphero la ola lachisanu ndi chinayi, “nona” m'Chilatini, linkachitika cha m'ma 3 koloko masana. Pakati pa zaka za m'ma 1100 ndi 1300 pempherolo linasendezedwa kufupi ndi pakati pa tsiku, ndipo dzina lake linasendera nalo. “Noon” wa 12 koloko ndi ola lachisanu ndi chinayi limene linafulumira.

“Bede” linali pemphero. Anthu ankawerenga mapemphero awo pa timikanda ta kolona, ndipo woonerera sakanatha kusiyanitsa ngati dzinalo ndi la mawu otuluka pakamwa kapena la kanthu kali m'zala. Pemphero linachoka, “bead” n'kutsala mkanda. “Godsibb” anali m'bale mwa Mulungu, munthu woimira mwana pa ubatizo. Kenako dzinalo linafikira anzake a mayi amene ankasonkhana m'nyumba pa nthawi yochira, kumene amuna sankaloledwa kulowa. Zimene amunawo ankaganiza kuti zikukambidwa m'katimo ndizo zinapatsa “gossip” tanthauzo la miseche.

Ulendo wa “silly” ndi wautali ndipo uli ndi masitepe ooneka. “Sælig” anali wodala. Wodala ndi wosalakwa, wosalakwa ndi wopanda chodzitetezera, wotereyo ndi womvetsa chisoni, womvetsa chisoni ndi wofooka, ndipo pofika zaka za m'ma 1500 wofookayo anali wofooka m'mutu. Palibe m'badwo umene unaona kuti watembenuza liwu. Aliyense ankangolisendeza pang'ono kuchoka pamene makolo ake analisiya.

“Clerk” anali munthu wa tchalitchi, pakuti odziwa kulemba ndi kuwerenga ambiri anali a tchalitchi. Zimenezi zinali ndi phindu lake pa milandu. Woimbidwa mlandu wina wa imfa ankatha kupempha kuti ayesedwe ngati munthu wa tchalitchi, ndipo umboni wake unali kuwerenga ndime ya Salimo m'Chilatini. Mu 1598 wolemba masewero Ben Jonson, atapha munthu pa ndewu ya malupanga, anapulumuka chingwe mwa njira imeneyi. Pang'onopang'ono dzinalo linachoka paguwa n'kukakhala pa desiki, ndipo linafika kwathu kuno ndi boma la atsamunda ngati kalaliki.

Mabuku aima, pakamwa payenda

William Caxton anakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476. Kuyambira pamenepo mawu olembedwa ankatha kukhala chimodzimodzi kwa zaka mazana, pamene olankhula akupitirira ulendo. Mpata wa pakati pa ziwirizi ukuonekera bwino m'Baibulo.

Omasulira ankadziwa kuti tanthauzo la liwu limodzi lingaphetse munthu. William Tyndale, m'Chipangano Chatsopano chake cha mu 1526, anasankha “love” pamalo pamene tchalitchi chinazolowera “charity”, ndi “congregation” pamalo pa “church”. Thomas More, woikira kumbuyo tchalitchi, anamutsutsa koopsa pa mawu amenewa, ndipo Tyndale anaphedwa mu 1536 pa mlandu wa chiphunzitso chopotoka. Omasulira a mu 1611 anabwezeretsa “charity” pa 1 Akorinto 13. Kwa iwo chinali chikondi cha Mkhristu kwa mnzake. Lero womva liwulo amaganiza za bungwe logawa zovala ndi ufa.

M'Baibulo lomwelo, “prevent” ndiko kutsogola, kufika wina asanafike, monga pa 1 Atesalonika 4:15, osati kuletsa. Kuletsa kwenikweniko nthawi zina kukulembedwa kuti “let”, monga pa Aroma 1:13, liwu limene lero timalidziwa ngati kulola. Anali mawu awiri osiyana m'Chingerezi chakale amene anadzafanana kamvekedwe, ndipo loletsalo linatsalira m'masewero a tenisi, pamene mpira wakhudza ukonde. “Conversation” ndi makhalidwe a munthu, osati macheza. “Carriages” pa Machitidwe 21:15 ndi akatundu onyamula, osati ngolo. “Quick” ndi wamoyo, “suffer” ndi kulola. “Corn” amene Yosefe anasunga ku Iguputo si chimanga, pakuti chimanga kwawo ndi ku America ndipo Iguputo wa nthawi imeneyo sankachidziwa. “Corn” inali mbewu yaikulu ya dera lililonse: tirigu ku England, “oats” ku Scotland. Angerezi atakafika ku America n'kupeza chimanga, anachipatsa dzina lomwelo.

Gulu lina la mawu linangozirala. “Soon” m'Chingerezi chakale kunali kunena kuti pompano. “Presently” ndi “by and by” nawonso ankatanthauza nthawi yomweyo. Onse atatu anafooka chimodzimodzi, chifukwa anthu amalonjeza pompano n'kubwera mochedwa, mpaka womva amazolowera kuti pompano ndi nthawi ina. “Awful” chinali chinthu chogwetsa munthu nkhope pansi ndi mantha aulemu, choyenera Mulungu ndi mafumu, koma lero ndi tiyi wozizira. Tsabola wakale sawawa: liwu lamphamvu likatchulidwa pa chilichonse, ukali wake umatha, ndipo olankhula amakafuna lina.

Ofuna kumanga chinenero

Mtanthauziramawu woyamba wa Chingerezi chokhachokha anatuluka mu 1604. Analemba ndi Robert Cawdrey, amene anakhalapo mphunzitsi ndi mbusa, ndipo dzina la bukulo ndi A Table Alphabeticall. Munali mawu pafupifupi 2,500, ambiri mwa iwo ovuta, obwerekedwa ku Chilatini, Chigiriki, Chihebri ndi Chifalansa. Mawu a tsiku ndi tsiku sanawasamale, poganiza kuti aliyense akuwadziwa. Kwa zaka zoposa 100 olemba madikishonale ambiri anatsata njira yomweyo, ndipo mawu wamba, amene ndiwo ankasamuka kwambiri, ankayenda popanda wowalondera.

Ophunzira ena zinkawadetsa nkhawa. Afalansa anali ndi Académie française kuyambira mu 1635, bungwe loyang'anira chinenero chawo. Mu 1712 wolemba mabuku Jonathan Swift analemba kalata yopempha kuti Angerezi nawo akhale ndi bungwe lotero, loti likonze Chingerezi n'kuchiimitsa pamodzi. Bungwelo silinakhazikitsidwe. M'malo mwake ogulitsa mabuku a ku London anapangana ndi Samuel Johnson mu 1746 kuti alembe mtanthauziramawu wamkulu. Anagwira ntchitoyo m'chipinda cha pamwamba pa nyumba yake ku Gough Square, ndi omuthandiza 6 okopera zolemba. Ankayembekeza kutha m'zaka 3, koma bukulo linatuluka mu 1755, lili ndi mawu oposa 42,000 ndi zitsanzo zoposa 100,000 zotengedwa m'mabuku a alembi otchuka. Poyamba ntchitoyo, Johnson ankalankhula ngati munthu wodzakhazika chinenero pansi. Pomaliza, m'mawu oyamba a bukulo, anavomereza yekha kuti chiyembekezo chimenecho chinalibe maziko, ndipo kuti palibe wolemba dikishonale angaletse mawu kusintha.

“Nice” ndi umboni wake. Liwuli linachokera ku Chilatini “nescius”, wosadziwa, n'kudzera m'Chifalansa, ndipo cha m'ma 1300 linkatanthauza wopusa. Kenako linakhala wamanyazi, wosankhasankha, wovuta kukondweretsa, mpaka linafika pa kulondola kosaphonya ngakhale pang'ono. Johnson analilemba makamaka m'matanthauzo a kusamalitsa ndi kusankhasankha amenewa. Koma pa nthawi yomweyo anthu m'nyumba zawo anali atayamba kulitchula pa chilichonse chowasangalatsa. M'buku la Jane Austen la Northanger Abbey, limene linatuluka kumapeto kwa 1817, mnyamata wophunzira Henry Tilney akuseka mtsikana Catherine Morland chifukwa chotcha buku kuti ndi “nice”, ndipo mlongo wake akuchenjeza mtsikanayo kuti amupanikiza ndi Johnson. Zaka 200 zapita, ndipo amene anapambana ndi mtsikanayo.

Maganizo atsopano anabwera ndi Richard Chenevix Trench, mkulu wa tchalitchi cha Westminster Abbey. Mu 1857 anauza bungwe la Philological Society ku London kuti wolemba dikishonale ayenera kukhala wolemba mbiri, osati woweruza, ndipo kuti liwu lililonse lilondoledwe kuyambira pamene linaonekera koyamba m'zolemba. Mu 1859 anatulutsa kabuku ka mawu achingerezi amene kale ankatanthauza zosiyana ndi za m'nthawi yake. Pa maganizo amenewa m'pamene panamera Oxford English Dictionary.

Ntchitoyo inatsimphina kwa zaka 20, mpaka mu 1879 pamene inaperekedwa kwa James Murray, mwana wa telala wa m'mudzi wa Denholm ku Scotland, amene anasiya sukulu ali ndi zaka 14 n'kudziphunzitsa yekha zinenero zambiri. Murray anamanga kanyumba ka malata pabwalo la nyumba yake, n'kupempha owerenga a m'maiko onse olankhula Chingerezi kuti aziwerenga mabuku akale ndi atsopano, n'kumatumiza timapepala. Pa kapepala kalikonse pankalembedwa liwu limodzi, chiganizo chimene lapezekamo, dzina la buku ndi chaka chake. Timapepalato tinafika mamiliyoni, ndipo ana ake 11 ankathandiza kutisanja motsatira zilembo. Dandaulo lake linali lakuti owerenga ankathamangira mawu achilendo n'kulumpha mawu wamba, pamene mawu wambawo ndiwo anali ndi mbiri yaitali ndi yovuta kuilondola. Gawo loyamba linatuluka mu 1884 ndipo linathera pa “ant”. Murray anamwalira mu 1915 ali pa chilembo cha T. Buku lonse linatha mu 1928, lili ndi mawu oposa 400,000. Pa liwu lililonse matanthauzo anasanjidwa motsatira zaka, lakale patsogolo, kotero kuti wowerenga amaona ndi maso ake mmene wodala anasandukira chitsiru.

Makina ndi maiko a kutali

Nyengo ya mafakitale sinapange mawu atsopano okha, inalandanso akale. “Manufacture” m'Chilatini ndi kupanga ndi dzanja, koma lero ndi zimene makina amapanga. “Broadcast” linali liwu la alimi a m'zaka za m'ma 1700, kufesa momwaza mbewu m'malo mobzala m'mizere. Wailesi itayamba, akatswiri anaona kuti mawu akumwazikira kwa aliyense wotchera khutu, n'kubwereka liwu la kumundalo. BBC inakhazikitsidwa mu 1922, ndipo chilembo cha B mu MBC ndi mu ZNBC chikuchokera kwa wofesa yemweyo.

“Computer” anaonekera m'zolemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 ngati munthu wowerengetsa masamu, ndipo inakhala ntchito yolembedwa ndi kulipidwa kwa zaka zambiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1880, malo owunikira nyenyezi a ku yunivesite ya Harvard analemba akazi ambiri pa udindo umenewu. Mmodzi wa iwo, Henrietta Leavitt, anatulukira njira imene inathandiza akatswiri kuyeza kutalika kwa nyenyezi. Katherine Johnson, amene anadzagwira ntchito ku NASA, anayamba ngati “computer”, ndipo mu 1962 anatsimikizira ndi dzanja masamu amene makina anawerengetsa pa ulendo wa John Glenn wozungulira dziko. M'zaka zomwezo dzinalo linali likuchoka kwa munthu kupita kwa makina, ndipo ife tinalilandira ngati kompyuta litasamuka kale.

Mawu ambiri amene Chichewa chinabwereka anafika chotero, atavula kale tanthauzo loyamba. Nesi anali mayi woyamwitsa mwana wa eni. Dokotala anali mphunzitsi, n'chifukwa chake mayunivesite akuperekabe dzinali kwa anthu amene sanagwirepo jakisoni. Pensulo kanali kaburashi ka wojambula, peni inali nthenga ya mbalame. Sukulu inachokera ku liwu lachigiriki lotanthauza nthawi yopuma, pakuti amene anali ndi mpata wokhala pansi n'kumakambirana nzeru ndi amene ena ankawagwirira ntchito.

Ndipo kusamukako sikunathere ku England. “Robot” anabadwira m'sewero la Karel Čapek la mu 1920, kuchokera ku liwu la Chitcheki lotanthauza thangata. Ku South Africa liwulo linaperekedwa kwa magetsi olondolera magalimoto pamphambano, amene analowa m'malo mwa wapolisi woimika ndi kuloleza magalimoto, ndipo linafalikira ku Zimbabwe, ku Zambia ndi ku Malawi. Wokwera minibasi akati atsikira pamaloboti, kondakitala sayembekeza kuona makina oyenda ndi miyendo. Ku Johannesburg munthu akakuuza kuti abwera “just now”, usaimirire pakhomo, pakuti liwulo layenda njira yomwe ija inayenda “soon” ndi “presently”.

Pamakhala anthu okonda kunena kuti tanthauzo lenileni la liwu ndi loyambirira, ndipo kuti ena onse akulakwitsa. Atati atsate mfundo yawoyo mpaka kumapeto, akanakwiya wina akawatcha “nice”, n'kuthokoza wowatcha “silly”. Tanthauzo lakale si lamulo. Ndi umboni wa mmene anthu ankakhalira, ndipo nthawi zambiri ndi umboni wa amene anali ndi mphamvu yopatsa anzawo maina. Kwa zaka mazana ambiri mphamvu imeneyo inali ndi eni minda, ansembe ndi osindikiza mabuku a ku London. Lero olankhula Chingerezi ambiri sakhala ku England, ndipo akonzi a Oxford English Dictionary akulemba matanthauzo ochokera ku Nigeria, ku Kenya, ku India ndi ku South Africa m'buku lomwe lija Murray anayamba. Mwana amene aphunzitsi akumudulira mzere wofiira lero chifukwa chopatsa liwu lachingerezi tanthauzo la kwawo akhoza kukhala kuti walakwitsadi. Akhozanso kukhala kuti wangofulumira.